Nyemba Imene Inkamera pa Laputopu Imodzi Yokha

1. Bokosi la pawindo

Pa sukulu yonseyo panalibe amene ankamuitana dzina lake lenileni. Onse ankangoti Kanyerere, chifukwa anali wochepa thupi koma tsiku lililonse ankafika atabereka chikwama chachikulu kuposa msana wake. M'chikwamamo munkakhala laputopu yakale ya achimwene ake, yolemera ngati njerwa, yosweka pakona imodzi.

Anali Fomu 3, ndipo anali m'kagulu ka sayansi ka anthu atatu. Wachiwiri anali Mlongoti, mnyamata wamtali wodziwa sowo ndi misomali. Wachitatu anali Wailesi, mtsikana woti akayamba kulankhula ngakhale belu linkachita kudikira. Kanyerere yekha ndiye anali wolemera pakamwa. Akaima pamaso pa anthu oposa anayi, mawu ankamuthawa n'kumusiya akuyang'ana nsapato zake.

Ntchito yawo ya chaka chimenecho inayamba ngati masewera. Mlongoti anakhoma bokosi la matabwa, n'kuikamo babu laling'ono ndi botolo lagalasi lodzaza dothi. Anakwirira nyemba imodzi m'mphepete mwa galasilo kuti izioneka. Kutsogolo kwake anamangirira foni yakale ya aphunzitsi a sayansi, yoti izijambula yokha chithunzi chimodzi mphindi khumi zilizonse. Bokosilo linakhala pawindo la labu ya makompyuta masiku khumi ndi anayi, ndipo Mlongoti ankabwera ngakhale Loweruka ndi Lamlungu kudzathirira.

Zithunzi zinapitirira zikwi ziwiri. Kuziona chimodzichimodzi kunali kodzetsa tulo: dothi, dothi, dothi, nyemba ili chigonere. Wailesi anayasamula n'kunena kuti amalume ake akamawodzera pampando amasuntha kuposa pamenepo.

Apa m'pamene panalowera Kanyerere. Analemba pulogalamu, ndiye kuti malangizo amene kompyuta imatsatira mzere ndi mzere. Pulogalamu yakeyo inkatenga zithunzi zonse, kuzindandalika malinga ndi nthawi, kuwalitsa zimene zinada, kenako kuzithamangitsa motsatizana kuti masabata awiri athe m'mphindi imodzi.

Anaiyesa koyamba Lolemba masana, onse atatu ndi aphunzitsi a sayansi aja ataunjikana pa laputopu ija.

Nyembayo inayamba kufufuma ngati ikukoka mpweya. Khungu lake linang'ambika. Kamuzu koyera kanatuluka n'kuyamba kupapasa dothi uku ndi uku. Kanakumana ndi kamwala, kanaima, kanakhota, n'kupitirira pansi. Kenako tsinde linadzuka litapinda khosi, linakankha dothi ndi msana, n'kuwongoka. Masamba awiri anatambasuka n'kuyamba kukwera ndi kutsika, kukwera ndi kutsika, ngati chamoyo chimene chikupuma.

Wailesi anasendeza nkhope pafupi ndi sikirini. Aphunzitsi anavula magalasi, anawapukuta ndi tayi, n'kuwavalanso.

"Zaka khumi ndi zisanu ndakhala ndikujambula muzu pabolodi ndi choko," anatero motsitsa mawu. "Sindinkadziwa kuti umachita kusankha kolowera. Kuona maso a nkhono n'kudekhadi, ana inu."

Tsiku lomwelo anawauza kuti ntchitoyi ipita ku chionetsero cha sayansi ku yunivesite, Lachisanu. Koma lamulo linali loti sukulu iliyonse itumize ophunzira awiri basi.

Kanyerere anali asanapondepo pa geti la yunivesite. Ankangomva kuti kumeneko kuli chipinda cha makompyuta aatali ngati makabati, ndipo ankafunitsitsa kukachiona ndi maso ake. Koma masamu ankawadziwa. Panali womanga bokosi, panali wolankhula, ndiye panali iye, amene pamaso pa oweruza akanangoti duu.

2. Kompyuta ya ku labu ikana

Lachiwiri aphunzitsi anabwera ndi fulashi. Anafotokoza kuti oweruza safuna kanema wopangiratu kunyumba. Amafuna kuona pulogalamu ikusonkhanitsa zithunzi pamaso pawo, kuti atsimikize kuti si zotola kwina.

"Tikopere zonse pa fulashi iyi," anatero. "Kumeneko makompyuta aliko ambirimbiri, palibe chifukwa chosenzera njerwa ya Kanyerereyo."

Anakopera foda yonse, pulogalamu ndi zithunzi zake, n'kuiika pa kompyuta yoyamba ya mu labu. Mlongoti anadina batani. M'malo mwa nyemba, panatuluka mizere itatu ya zilembo zofiira, yonena kuti zithunzi sizikupezeka.

"Sizikupezeka bwanji, si izi ndikuzionazi?" anatero Wailesi, akuloza foda ndi chala. "Kompyuta imeneyi ikufunika magalasi ngati a Sala."

Anayesa yachiwiri, zofiira. Yachitatu, zofiira. Atabwerera pa laputopu ya Kanyerere, nyemba inamera bwinobwino ngati kuti palibe chachitika.

Aphunzitsi anakanda m'mutu. Za zomera ankazidziwa kuyambira kumizu mpaka kumaluwa, koma za mapulogalamu anali mlendo.

"Ndiye kuti yazolowera kwawo," anatero. "Chabwino, laputopu ipita. Achimwene ako angatibwereke?"

"Ananena kuti isamachoke m'manja mwanga, Sala," anayankha Kanyerere. "Chiigwetsereni mnzawo wina, sabwereketsanso."

Zimenezi zinali zoona. Aphunzitsi anapumira m'mwamba.

"Basi nkhani yadziweruza yokha. Mpando umodzi ndi wa Kanyerere ndi laputopu yake. Wotsalawo ndi wa Mlongoti kapena Wailesi, ndinena mawa."

Mlongoti ndi Wailesi anayang'anizana, kenako aliyense anayang'ana kumbali.

Tsono pali chinthu chimodzi chimene aphunzitsi sanachidziwe. Kanyerere anali atawerenga zilembo zofiira zija, ndipo asanafike n'komwe pa mzere wachitatu anali atadziwa vuto. Linali laling'ono kwambiri, loti akanalikonza belu lisanalire. Anatsegula pakamwa, anaganiza za makompyuta aatali ngati makabati, n'kutsekanso. Anapinda laputopu yake mwaulemu n'kuilowetsa m'chikwama.

Kuseri kwa labu kunali kachipinda ka mawaya ndi makiyibodi akufa. Pakhomo pake panali pataima mayi wosamalira makompyuta a sukuluyo, amene ana ankawatchula kuti Mayi Makiyi chifukwa cha mpukutu wa makiyi umene unkalira m'chiuno mwawo. Anangoyang'ana zilembo zofiira zija, n'kuyang'ana Kanyerere nthawi yotalikirapo.

3. Mawu a Mayi Makiyi

Lachitatu pa nthawi yopuma, Mayi Makiyi anamukodola Kanyerere pakhonde. Atalowa mu labu anatseka chitseko, anatsegula pulogalamu ija pa kompyuta yoyamba, n'kuika chala pa mzere wachinayi.

"Tandiwerengera apa."

Kanyerere anawerenga motsitsa mawu. Mzerewo unali adiresi ya zithunzi, njira yonse imene kompyuta iyenera kutsata kuti izipeze: C:\achimwene\za_Kanyerere\nyemba\zithunzi.

"Pa kompyuta ino pali foda ya achimwene ako?"

"Palibe, amayi."

"Ya Kanyerere?"

"Palibe."

"Ndiye unadziwa dzulo lomwe lija."

Kanyerere anazolika. Mayi Makiyi anakoka mpando n'kukhala pafupi naye, makiyi akulira.

"Tamvera, mwana wanga. Mlendo akakhala pabalaza panu n'kufunsa kuchimbudzi, sumuuza kuti ayambire ku depoti, akwere basi, atsikire pa sitolo yobiriwira, alowe geti lachitatu. Munthuyo ali kale m'nyumba. Umangoti khomo lachiwiri kumanzere. Mawu amenewo amagwira ntchito ngakhale nyumbayo itanyamulidwa n'kukaikidwa tauni ina. Pulogalamu yakoyi zithunzi ili nazo m'foda imodzi, zayandikana ngati mphuno ndi mlomo, koma waiuza kuti ikayambire kwa achimwene ako. Ikafika pa kompyuta ya eni, imafunafuna nyumba imene kulibe.

"Kulakwitsa kotere aliyense amalakwitsa poyamba, inenso ndinalakwitsapo. Chimene chandiitanitsa si chimenecho ayi. N'chakuti waona kulakwako n'kukusunga ngati chuma.

"Ndisanabwere pa sukulu pano ndinkagwira ntchito ku ofesi ina yoyeza madzi a m'mitsinje. Kunali bambo wina wanzeru zoopsa, tinkangowatchula kuti a Katswiri. Analemba pulogalamu yowerengera miyezo yonse n'kunena ngati mtsinje uli pafupi kusefukira. Koma adiresi iliyonse m'pulogalamumo inkadutsa pa foda ya dzina lawo, pa kompyuta ya pa desiki yawo. Tikawapempha kuti akonze ankaseka, amvekere khoswe wa pamkhate sapheka. Ndipo zinali zoona. Ena ankachotsedwa ntchito, iwo ayi.

"Koma tamva mapeto ake. Utabwera mwayi wa maphunziro apamwamba, abwana anati a Katswiri sangachoke, papite wina. Anapita munthu amene iwo anachita kumuphunzitsa kuyatsa kompyuta. Tchuthi ankangochimva kwa anzawo. Tsiku la ukwati wa mwana wawo wamkazi anaitanidwa ku ofesi mwambo uli m'kati, anafika atavala suti, duwa lili pachifuwa. Khoswe uja sanaphedwe, inde, koma pamkhatepo sanatsikenso. Zaka khumi ndi chimodzi ali pomwepo.

"Kenako chaka china mvula itavuta, kompyuta yawo inapsa iwo ali gone m'chipatala. Mafayilo onse tinali nawo pa kompyuta ina. Pulogalamu tinali nayo. Koma inkafuna foda ya a Katswiri, pamalo amene a Katswiri okha ankawadziwa. Tinatha masiku awiri tikusaka maadiresi m'mizere zikwi zinayi, uku mtsinje ukukwera. Chenjezo linapita mochedwa. Anthu anapulumuka, koma ziweto ndi mbewu za midzi itatu zinapita ndi madzi. Ine ndinali pa desiki imeneyo, ndipo mpaka lero ndikaona dzina la munthu m'kati mwa adiresi, ndimakumbukira midzi itatu ija."

Kanyerere anayang'ananso mzere wachinayi uja.

"Koma amayi, ndikakonza sanditenga. Ine sinditha kulankhula."

"Mwina sakutengadi," anayankha Mayi Makiyi, osamunyengerera n'komwe. "Sindikunamiza kuti ukachita zabwino lero, mawa lomwe udya zonona. Ndikungokuuza kuti ntchito imene imayenda pokhapokha mwini wake ali pomwepo, sinathe kupangidwa. Ine mzere umenewu ndikhoza kuukonza m'mphindi ziwiri, koma pulogalamu si yanga. Kwa aphunzitsi sindikanena. Labu ndiisiya yotsegula mpaka folo koloko."

Anaimirira n'kubwerera ku mawaya awo.

4. Pansi pa thanki

Pa nthawi ya nkhomaliro Kanyerere anapita kukakhala yekha pansi pa thanki ya madzi, kuseri kwa makalasi. Sipanapite nthawi Mlongoti anatulukira, atanyamula kabotolo kothirira. Ngakhale kujambula kunali kutatha, iye ankathirirabe nyemba ija.

Anakhala pa njerwa, miyendo yake yaitali ikusowa koipinda.

"Ndawauza a Sala kuti atenge Wailesi," anatero. "Oweruza amafuna munthu wowafotokozera. Ine ndikangofika pamenepo ndizingoti bokosi ili, msomali uwu."

"Koma unkafuna kupita."

"Kufuna ndiye ndinkafuna. Bambo anali atanena kuti andibwereka jekete yawo." Anaseka pang'ono, kuseka kosafika m'maso. "Palibe kanthu. Ungondichitira chimodzi. Akakafunsa kuti babu linaikidwa bwanji kuti lisaotche masamba, ukanene kuti ndinayesa malo anayi. Wailesi aiwala, amangokumbukira zimene wanena yekha."

Mlongoti anagwedeza kabotolo kake n'kuyang'ana Kanyerere.

"Komatu iwe ndiwe dolo, Kanyerere. Chinthu ngati chimene chija, chongomvera iwe wekha. Ine ndinayesa dzulo kuwerenga mizere ija, mutu unangozungulira. Palibiretu njira yoti chigwire pa makompyuta enawo?"

Funsolo linalibe msampha, ndipo n'chifukwa chake linamupweteka kwambiri. Mnyamatayo ankamukhulupirira ndi mtima wonse. Kanyerere anachita manyazi amene anali asanawamvepo chibadwire, manyazi otentha makutu.

"Ilipo," anatero.

"Ati?"

"Njira ilipo. Ukamuitane Wailesi ndi a Sala, mubwere ku labu ikamakwana fili koloko."

Anabereka chikwama chake n'kunyamuka Mlongoti asanafunse china.

5. Munda wa mu labu

Mu labu munali zii. Kanyerere anakhala pa kompyuta yoyamba, laputopu yake osaitulutsa n'komwe. Anafika pa mzere wachinayi n'kuyamba kufufuta. Achimwene anachoka. Dzina lake linachoka, chilembo ndi chilembo.

M'malo mwake analemba langizo latsopano. Tanthauzo lake linali lakuti: peza kaye foda imene iwe pulogalamu wakhalamo, kuchokera pamenepo lowa m'foda ya zithunzi. Atafufuza bwino anapeza kuti adiresi yakale ija anali atailemba malo asanu ndi awiri osiyanasiyana. Anaifufuta monsemo n'kusiya langizo latsopano lija malo amodzi okha pamwamba, kuti mizere ina yonse izifunsa pamenepo.

Anadina batani. Nyemba inafufuma.

Anasamutsa foda yonse n'kuiika pena, inameranso. Anaisintha dzina, inamerabe. Mtima unayamba kumugunda ngati waba kanthu, chonsecho aka kanali koyamba sabata imeneyo kuchita zinthu poyera.

"Usathamange," anatero Mayi Makiyi ali kukachipinda kwawo. "Kayese makompyuta anayi a kukhomawo. Amenewo ndi a mtundu wina."

Anayesa, ndipo zilembo zofiira zinabweranso. Mayi Makiyi anabwera n'kuloza timizere topendekera timene timalekanitsa mayina a mafoda.

"Makompyuta asanu ndi atatu awa amapendeketsa timizereti chakumanzere, anayi awo chakumanja. Ukatilemba wekha, wasankha mbali. Usalembe n'kamodzi komwe. Ipatse mayina okhaokha, ili ndi ili, pulogalamu ilumikize yokha malinga ndi chizolowezi cha kompyuta imene yafikapo. Mlendo wanzeru amaona kaye mmene eni nyumba akukhalira."

Kanyerere anakonza. Kompyuta ya kukhoma inang'ung'udza kanthawi, kenako kamuzu koyera kanatuluka.

Fili koloko itakwana analowa aphunzitsi, Mlongoti ndi Wailesi. Kanyerere anakopera foda yokonzedwayo pa fulashi ya aphunzitsi ija. Anangowapatsa fulashi n'kuwapempha kuti akopere foda ija pa makompyuta onse khumi ndi awiri, aliyense aiike pamene wafuna. Kukoperako kunatenga nthawi, ndipo Wailesi anadandaula njira yonse. Bambo wokolopa makalasi anaima pakhomo ndi ndowa yake kuti aone chimene chikuchitika, ndiye nayenso anapatsidwa makompyuta awiri oti adine.

Mayi Makiyi anatseka makatani. Anawerenga mpaka katatu, ndipo onse anadina.

Poyamba masikirini onse anangoonetsa dothi lakuda. Kenako ya pakona inayamba kufufuma. Inatsatira yachitatu, kenako ziwiri za kukhoma nthawi imodzi. Makompyutawo anali osiyana mphamvu, ena achangu ena okalamba, choncho nyembazo sizinamere pamodzi. Apa muzu ukupapasa kamwala, apo tsinde likukankha dothi, uko masamba atambasuka kale. Kuwala kobiriwira kunadzaza chipinda chonse, kunagwera pa madesiki, pa makoma, ndi pa nkhope za anthu. Labu ya fumbi ija, ya mipando yothyoka miyendo, inasanduka munda umene ukumera anthu akuona.

Bambo wokolopa anatula ndowa pansi pang'onopang'ono n'kuvula chipewa.

"Ine ndalima nyemba moyo wanga wonse," anatero. "Kani zimachita chonchi tikatembenuka?"

Mlongoti ankayenda kuchoka pa sikirini ina kupita pa ina, manja ali kumbuyo, ngati akuopa kukhudza. Wailesi anagwira pakamwa ndi manja awiri. Kanyerere mwini wake anaima pakati pa chipinda akutembenuka pang'onopang'ono. Nyemba imeneyi anali ataionera kambirimbiri pa laputopu yake, koma apa zinali ngati akuiona koyamba. Mizere imene analemba ndi zala zake inali ikugwira ntchito malo khumi ndi awiri, pa makina amene sankamudziwa, iye manja ali lende. Anachita mantha ndi chimwemwe nthawi imodzi.

Kompyuta yokalamba kwambiri inamaliza pomalizira. Onse anaidikira mpaka masamba ake atatambasuka.

6. Mipando iwiri

Mayi Makiyi atatsegula makatani, aphunzitsi anatembenukira kwa Kanyerere.

"Wazitheka bwanji, mwana iwe? Dzulo lomweli zinkakana."

Mu labumo munali anthu asanu omuyang'ana, ndipo mawu anayamba kumuthawa monga mwa masiku onse. Anagwira m'mphepete mwa desiki.

"Ndinkadziwa kuyambira dzulo, Sala. Inali adiresi yolakwika chabe. Ndinakhala chete kuti munditenge."

Wailesi anatsegula pakamwa, koma Mlongoti anamugunda ndi chigongono. Aphunzitsi anakhala pa desiki.

"Wachita bwino kunena," anatero. "Ndipo ndikuuze zoona, chimene wachita lerochi n'chachikulu kuposa cha Lolemba. Lolemba unatisonyeza nyemba. Lero watipatsa chinthu choti sukulu ina iliyonse ikhoza kutenga n'kujambulira chimanga chake, nkhungu yake, ngakhale mphutsi zake, iwe kulibe. Anthu ambiri ophunzira amafa asanapange chinthu chotere. Dzina lako lilembedwa pamwamba pa chikwangwani, ndipo aliyense wofunsa adzauzidwa kuti mlembi ndani.

"Koma sindikubisira. Mipando ndi iwiri, ndipo ine ndiyenera kutumiza amene akayankhe mafunso. Oweruza akafunsa za bokosi ndi za mbewu, woyankha ndi Mlongoti. Akafuna kufotokozeredwa zonse m'mphindi zisanu pamaso pa holo yodzaza, ndi Wailesi. Dzulo ndinakupatsa mpando chifukwa cha laputopu, osati chifukwa ndinaganiza bwino. Lero laputopu sikufunikanso. Sikuti ndikukulanga, ngakhale kukhala chete kuja kunali kulakwa. Ndikungosankha mmene ndikanasankhira pachiyambi. Mawa uwaphunzitse anzakowa mzere uliwonse, kuti akaime m'malo mwako osachita manyazi."

"Sala, ine ndikhoza kutsala," anatero Mlongoti.

"Ayi," anatero Kanyerere, ndipo mawuwo anatuluka mwamphamvu kuposa mmene ankayembekezera. "Ukanene wekha za malo anayi aja."

Anatenga fulashi pa desiki n'kuiika m'dzanja la Mlongoti. Kanali kanthu kakang'ono ngati chala, koma zonse zinali mmenemo.

Potuluka, Mayi Makiyi sanamuyamikire ndi mawu ambiri. Anangomugwira paphewa n'kumukonzera lamba wa chikwama amene anali atapotoka.

Njira ya kunyumba anaiyenda bwino ndithu. Akakumbukira kuwala kobiriwira kuja ankapezeka akumwetulira yekha, akakumbukira Lachisanu kumwetulirako kunkazimiririka. Anadutsa pa sitolo, anawoloka msewu, anakhota pa mpopi. Atafika pa geti la kwawo m'pamene anakumbukira chinthu chimene chinamuimitsa pomwepo. Dzulo lake, atangofika kuchokera ku sukulu, anali atawauza amayi ake kuti wasankhidwa.

Chitseko chinali chotsegula. Pabalaza panali azakhali ake, amene ankakhala kutsidya kwa tauni ndipo sankabwera popanda chifukwa. Patebulo panali chikwama chaulendo chobwereka kwa aneba, chopukutidwa mpaka kuwala. Amayi ake anali atawerama pa bulangete, akusita ndi simbi yunifolomu yake yatsopano imene ankaisungira tsiku lotsekera sukulu.

"Uyo wafika wa ku yunivesite," anatero azakhali, akutambasula manja. "Bwera kuno ndikuone bwino. M'banja mwathu muno palibe amene anapondako kumeneko, ngakhale kukapempha madzi akumwa."

Amayi anadzutsa mutu, nkhope ili ngwee ndi thukuta ndi chimwemwe.

"Ndauza nyumba zonse za mzere uno," anatero. "Ndapemphanso kuntchito kuti Lachisanu ndilowe mochedwa, ndikakuperekeze pokwerera. Taima pakhomo bwanji ngati mlendo? Lowa udzayese kolala iyi."

Kanyerere anatula chikwama chake pansi. Anayang'ana azakhali, anayang'ana yunifolomu, kenako anayang'ana amayi ake m'maso.

"Amayi," anatero, "taikani kaye simbiyo pansi."